Amapuma Limodzi

Inali itangopitirira 12 koloko masana, ndipo mwera umene unayamba m'mamawa unali usanaleke. Unkanyamula fumbi la pamsewu n'kulithira pamawindo a chipatala, unkagwedeza malata a kanyumba kochapiramo zovala, ndipo aliyense wotuluka panja ankabwerako akutikita m'maso. M'kachipinda ka kuseri kwa wodi ya odwala matenda a maganizo chitseko chinali chotseka, ndipo anthu ochepa anakhala pamipando atatsinzina.

Anali ogwira ntchito a m'wodimo. Ntchito yawo imatopetsa mwa njira imene wakunja saiona msanga. Wodwala amene dzulo anakuyamika, lero akhoza kukulavulira mankhwala kumaso. Wina amalira tsiku lonse osanena chimene chavuta, ndipo iwe uyenera kukhala naye pafupi ndi nkhope yofatsa. Ambiri akaweruka ankafika kunyumba mutu ukuwawa, n'kumakalipira ana popanda chifukwa. N'chifukwa chake akuluakulu anaitana a Zangaphee, katswiri wa za maganizo, kuti Lachiwiri ndi Lachinayi aziwaphunzitsa kukhazika mtima pansi pomvetsera mpweya wawo. Masiku enawo ankayeserera okha pa nthawi ya chakudya cha masana. Maphunzirowo anali ndi dzina lake lachingerezi, koma palibe ankalitchula. Onse ankangoti, "Tikukapuma."

"Musalimbane ndi maganizo," a Zangaphee ankayankhula motsitsa mawu. "Ali ngati maminibasi a pa depoti. Kondakitala akuitanani ndithu, Dwangwa! Salima! Koma palibe akukukakamizani kukwera. Aoneni, adutse. Bwererani ku mpweya wanu. Ukulowa. Ukutuluka. Basi."

Lenard Msiska, namwino wamkulu wa m'wodimo, anakhala pafupi ndi windo. Anali munthu wosachulukitsa mawu, wa banja la kumpoto limene linakhazikika kalekale cha ku Dwangwa. Maphunzirowa ankawakonda, ndipo ankaona kuti anzake asintha nawo. Koma iye anali ndi vuto limene sanamuuzepo mphunzitsi. Mkazi wake, Iness, anamwalira zaka zingapo zapitazo atadwala chifuwa nthawi yaitali, ndipo miyezi yomaliza ya matendawo Lenard anaithera pambali pa bedi, kumvetsera ngati mkaziyo akupumabe. Khutu lake linazolowera kusaka mpweya wa munthu wina. Akatsinzina kuti amve wake, sankaupeza.

Ankamva wa a Steward, bambo wonenepa wothandizira m'wodi, umene unkaimba kalikhweru m'mphuno. Ankamva wa a Zangaphee, wautali ngati wa munthu amene sanathamangitsidwepo ndi kalikonse. Ndipo kumanzere kwake ankamva wa Mwajuma, namwino mnzake. Mwajuma ankakoka mpweya mofulumira, n'kuugwira pang'ono ngati akufuna kunena kanthu, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati wasintha maganizo. Khutu la Lenard likafika pamenepo linkakhazikika. Zimenezi sankafuna kuzipatsa dzina.

* * *

Atatsegula maso anthu anabalalika. Lenard ndi Mwajuma anaima pakhonde, kumbali kosafika mphepo.

"A Msiska, lero mwakwera maminibasi angati?" anafunsa Mwajuma akukonza mpango wake wakumutu.

"Imodzi yokha."

"Yopita kuti?"

"Sinapite patali."

"Muli ndi mwayi. Ine yanga inanditengera kumsika. Ndagula tomato, ndayambana ndi mayi wa usipa, ndiye ndatsala pang'ono kumugonjetsa, a Zangaphee akuti tsegulani maso."

Lenard anaseka pang'ono, kuseka kwake kwa masiku onse kotulukira m'mphuno.

"Koma zikuthandiza," Mwajuma anapitiriza. "Dzulo a Useni a pabedi la pakona ananditukwanira amayi anga. Kale ndikanathamangira kubafa kukalira. Dzulo ndinangomva kuti mapazi anga ali pansi, ndinapuma, ndiye ndinati, 'A Useni, amayi ali bwino, akukupatsani moni. Imwani mankhwala.'"

"Anamwa?"

"Anamwa, n'kubweza moni."

Akuseka choncho, panamveka mawu kumbuyo kwawo.

"Alamu, mpunga ukuzizira."

Anali Fyness, mng'ono wake wa malemu Iness. Ankagwira ntchito yolandira odwala pakhomo la chipatala, ndipo chimwalirireni mkulu wake sanaleke kumubweretsera Lenard chakudya cha masana: mpunga wa kwawo ku Malengachanzi, m'kontena yofiira yokulungidwa m'nsalu. Lenard anayesapo kukana, koma kukana kunkafuna mawu ambiri kuposa kulandira.

"Mwapuma bwino nonse?" anatero Fyness, akumuyang'ana Mwajuma kuyambira pampango mpaka kunsapato.

"Bwino kwambiri. Mawa mubwere, a Fyness, mpando ulipo."

"Ine? Ine ndinayamba kupuma tsiku lobadwa, popanda mphunzitsi. Ndipo sinditseka chitseko."

"Chitseko n'chifukwa cha mphepo, mlamu," anatero Lenard.

"Eya, mphepo. Chaka chino yavuta."

Anamupatsa Lenard kontenayo m'manja, anamuchotsa kaulusi paphewa pa yunifolomu, n'kubwerera ku ntchito yake. Mwajuma anamutsatira ndi maso mpaka anakhota.

"Mlamu wanu amakusamalani."

"Ndi mtima wa banja lawo."

Mwajuma anakoka mpweya, anaugwira pang'ono monga amachitira, n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

* * *

Tsiku lotsatira Fyness anaweruka msanga. Anatenga siketi yake yabuluu imene zipi yake inali itayamba kuvuta, anadutsa matelala onse a mumsika, n'kukaima pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mzikiti. Pamenepo ndi pamene a Amiri ankasokera. A Amiri anali mlongo wa mayi ake a Mwajuma, ndipo popeza bambo a Mwajuma anamwalira kale, nkhani iliyonse ya mbumba inkathera kwa iwo.

"Ndinu a kuchipatala?" anafunsa a Amiri akuyesa zipiyo. "Ndiye mumamudziwa mwana wathu Mwajuma."

"Ndimawadziwa. Ndi olimbikira ntchito. Bola masiku ano akumapezako mpata wopuma."

"Alhamdulillah. Amatopa mwana uja."

"Amatopadi. Nawonso alamu anga, a Msiska, amatopa. Ndiye masana aliwonse amalowa m'kachipinda ka kuseri, amatseka chitseko, amapuma limodzi."

Phazi la a Amiri linaima, makina n'kuti zii.

"Mwati amatani?"

"Amapuma, bambo. Mukawafunse eni ake, sabisa ayi. Dzulo ndinawapeza akutuluka, uyu akukonza mpango, uyo akuseka."

Fyness sananame liwu ndi limodzi lomwe, ndipo ankadziwa zimenezo. M'chinenero chathu kupuma n'kukoka mpweya, kupuma n'kutsamira pamphasa utatopa, ndipo mwamuna ndi mkazi akakapuma atatseka chitseko, palibe amafunsa kuti ndi kupuma kuti.

"Siketiyi mudzatenge mawa," anatero a Amiri, ndipo anayamba kuvundikira makina dzuwa lidakali m'mwamba.

* * *

Mwajuma atafika kunyumba anapeza njinga ya amalume ake itatsamira pampanda. Mayi ake, a Rahila, anali pamphasa akusankha mpunga m'lichero, koma zala zawo sizinkasankha kalikonse.

"Khala apo," anatero a Amiri moni usanathe. "Ndikufunsa kamodzi. Kodi n'zoona kuti masana umapuma ndi mwamuna wina dzina lake Msiska?"

"Eya, amalume."

A Rahila anagwira pakamwa.

"Tsiku lililonse?" anafunsanso a Amiri.

"Tikapeza mpata. Lero tinali awiri okha, enawo anatanganidwa."

"Enawo? Alipo enanso?" A Amiri anavula kofia n'kuivalanso. "Ukundiyankha ngati ndakufunsa kuti kunja kwacha bwanji!"

"Koma zimandithandiza, amalume. Amayi, si inu nomwe munanena kuti masiku ano ndikumabwera wofatsa, sindikumenyetsanso mbale?"

"Ndiye chifukwa chake n'chimenecho?" a Rahila analira. "Ine kumayamika Mulungu, osadziwa!"

Apa ndi pamene Mwajuma anamva chimene chinkafunsidwa. Kutentha kunamukwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu, ndipo mawu okalipa anafika pamlomo onse pamodzi. Anamva mapazi ake ali pansi. Anapuma kamodzi, kenako kachiwiri.

"Wakuuzani ndani?"

"Zimenezo zilibe ntchito. Chimene ndikudziwa n'chakuti ngati ndi zimene ndamvazi, kuchipatala kuja supondakonso. Ndinakuloleza sukulu anthu akundiseka, ndinakuloleza kukana amuna abwinobwino. Koma dzina la nyumba ino silidzakhala nkhani ya amayi a pampopi."

Mwajuma akanatha kufotokoza. Koma anawayang'ana amalume akewo n'kudziwa kuti mawu alionse amene anganene amveka ngati a munthu wogwidwa.

"Mubwere mawa 12 koloko," anatero. "Kachipinda ka kuseri kwa wodi yathu. Musagogode."

Dzuwa lisanalowe anatenga foni n'kulembera Lenard.

"Amalume akubwera mawa kudzationa tikupuma."

Yankho silinachedwe. "Ali ndi nkhawa? A Zangaphee sangawakane."

"Nkhawa ali nayo. Dzina lake ndi Msiska. Werenganinso uthenga wanga ngati munthu amene sanawaonepo a Zangaphee."

Panapita nthawi. Foni inaonetsa kuti Lenard akulemba, kenako wasiya, kenako akulembanso. Mwajuma anatsuka mbale, anabwerera, anapeza mawu ochepa okha.

"Ndamva. Pepani. Ndidzakhalapo."

Anayang'ana uthengawo n'kupukusa mutu. Zonse zimene munthuyo anali atalemba n'kufufuta, akanakonda atazionako.

* * *

Lachinayi mwera unatsikako pang'ono. A Amiri anafika atavala mkanjo woyera wa ku Ijumaa, mapemphero a Lachisanu, ngakhale silinali tsiku lake, ndodo ili m'manja. Anadutsa pakhomo pamene Fyness ankakhala, ndipo mtsikanayo anawalozera njira ndi cholembera osadzutsa mutu. Atafika pa kachipindako anaima, anatchera khutu. Munali zii. Anati Bismillah, n'kukankha chitseko ndi phewa.

Chitsekocho chinakamenya khoma. M'katimo munali anthu atakhala mozungulira, aliyense pampando wake, manja pamaondo, maso otseka. Panali mayi wachikulire wokolopa, panali bambo wonenepa woimba kalikhweru m'mphuno, panali Mwajuma, mpango wake uli bwinobwino.

"Phokoso la chitseko mwalimva," anatero a Zangaphee osatsegula maso. "Lisiyeni lidutse. Amene mwalowa, mpando uli kumanja kwanu. Mwafika, mwafika basi."

A Amiri anayang'ana ndodo yawo. Kutuluka kunali kovuta kuposa kukhala, choncho anakhala. Poyamba anatsegula diso limodzi, kusaka kuti Msiska ndi uti. Koma mawu a mphunzitsiyo anali ofatsa, mpando unali wabwino, ndipo usiku wathawo iwo sanagone. Mapewa awo anatsika okha.

Atauzidwa kutsegula maso, a Amiri anatsokomola.

"Ndiye kupuma kwake n'kumeneku?"

"N'kumeneku, amalume," anatero Mwajuma.

A Steward anamvetsa nkhani yonse nthawi imodzi. Anayamba kuseka chamumtima, mimba ikugwedezeka, mpaka mayi wokolopa uja anawatsina pamkono.

"Ife pa sikiri, nyimbo zathu zachisilamu zija, timaukokanso mpweya," a Amiri anauza mphunzitsiyo, pofuna kubisa manyazi. "Timaukoka mpaka pachifuwa kutentha. Koma timatchula dzina la Mulungu. Inu mumatchula ndani?"

"Sititchula aliyense, bambo. Si mapemphero. Muno muli a kumzikiti, muli a kutchalitchi, aliyense amapemphera kwawo. Izi zili ngati kusamba m'manja usanagwire wodwala wina, kuti mkwiyo wa pabedi ili usaupititse pabedi ilo."

"Kusamba kopanda swala, kopanda pemphero," anatero a Amiri. Anaganizira pang'ono. "Si haramu, si tchimo. Kungoti dzina lake mulisinthe, muphetsa anthu."

Onse anaseka, Mwajuma nayenso. Koma a Amiri anaimirira, n'kuloza ndi ndodo.

"A Msiska ndi inu? Tiyeni panja. Iwenso, Mwajuma."

* * *

Anaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi. A Amiri anamuyang'ana Lenard nthawi yaitali, monga telala ayang'anira nsalu asanaidule.

"Zimene ndinamva zija n'zabodza, ndaona ndekha. Mwana wathu apitiriza ntchito. Koma ine sindinabadwe dzulo. Masiku amene mphunzitsi kulibe, mumakhala angati?"

"Nthawi zina ambiri, nthawi zina awiri."

"Awiriwo ndani?"

"Ine ndi a Mwajuma."

"Ndiye mukatsinzina, inuyo a Msiska, mumamvetseradi mpweya wanu monga akunenera bambo aja?"

Lenard akanatha kungoti eya. Linali liwu lalifupi, la mtundu umene ankaukonda, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Anayang'ana masamba ouma amene mphepo inkawakankhira kukhoma.

"Ayi, bambo."

"Mumamvetsera chiyani?"

"Ndimayenera kumvetsera wanga. Ndimayesa ndithu. Koma ndimapezeka ndikumvetsera wa a Mwajuma. Ndikaumva, mtima umakhala m'malo. Ndikapanda kuumva, monga tsiku limene iwo ali pa tchuthi, ndimatuluka m'chipinda muja wotopa kuposa mmene ndinalowera. Sindinawauzepo. Sindidziwa kunena zinthu zoterezi."

Anasiya pamenepo ngati munthu amene wanyamula katundu woposa msinkhu wake n'kumutula.

A Amiri anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo. "Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Ndiye ukuti bwanji?"

Mwajuma anayang'ana pansi, koma pakamwa pake pankaoneka kuti pakubisa kumwetulira.

"Ndimadziwa kale."

"Unadziwa bwanji, poti akuti sanakuuze?"

"Akamamvetsera amaiwala kupuma iwowo. Kumanja kwanga kumangoti zii. Ndimachita kudikira kuti ayambirenso."

A Amiri anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kugogoda ndodo pansi.

"Ndiye m'chipinda monse muja palibe amene akumvera mphunzitsi."

Lenard anaseka, ndipo ulendo uno kuseka kunatulukira pakamwa. Mwajuma anadziphimba kumaso ndi nsonga ya mpango.

"Chabwino," anatero a Amiri, nkhope itabwerera mwakale. "Mwayankha zoona pamene bodza likanakupulumutsani. Zimenezo ndazilemekeza. Inu ndi a kutchalitchi, ife ndi a kumzikiti. Imeneyo ndi nkhani yaikulu, ndipo sindikukulonjezani kanthu. Idzafuna akuluakulu, idzafuna a shehe, idzafuna nthawi. Koma tisanafike kumeneko pali funso laling'ono. Ndamva kuti munaferedwa. Pepani. Kodi akwawo a malemu anakusudzulani?"

Kuno mwamuna akaferedwa, maliro satha ndi kuika m'manda. Pakapita nthawi akwawo a mkazi amamukhazika pansi pamaso pa ankhoswe, amamuthokoza, n'kumuuza kuti tsopano ndi womasuka, akhoza kukapeza banja kwina. Asanatero, mwamunayo amakhalabe mkamwini wawo.

Lenard anakumbukira tsiku limene apongozi ake anatumiza uthenga woti apite ku Malengachanzi akakambirane zimenezo. Iye anayankha kuti sanakonzeke. Anatumizanso, iye anati ntchito yachuluka. Kenako anasiya kutumiza, ndipo iye anaona kuti zakhala bwino, poti mwambowo ukanafuna kuti ayankhule za Iness pamaso pa anthu.

"Sanandisudzule, bambo. Anandiitana, ine ndinazengereza."

"Ndiye ndinu mwamuna wa eni ake," anatero a Amiri, mosakalipa. "Ndipo mayi amene anabweretsa siketi kwa ine uja sanadutse matelala onse a mumsika chifukwa choti ine ndimasoka bwino zipi. Kakonzeni za kumeneko, kenako mutume anthu kwathu. Kufikira tsiku limenelo, muzipuma chitseko chili chotsegula. Mphepo sinaphepo munthu."

Anatsanzika, n'kupita kukatenga njinga yawo. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Mwajuma, bambo aja amabwera liti ndi liti?"

"Lachiwiri ndi Lachinayi, amalume."

"Mmm. Msana wanga wamvako bwino."

* * *

Lenard anapeza Fyness pa tebulo lake, pamzere palibe munthu. Kontena yofiira ija inali pambali, yosamasula.

"Mlamu, munakawauza chiyani a Amiri?"

"Zoona zokhazokha. Tchulani liwu limodzi limene ndinanama."

Lenard anaisiya nkhaniyo. Anangoti, "Loweruka ndikufuna kupita ku Malengachanzi, ndikaonane ndi amayi. Nkhani imene anandiitanira kale ija, ndakonzeka."

Fyness anaika cholembera pansi.

"Musavutike ndi ulendo. Ndawaimbira pamene munali pansi pa mango paja. Akubwera okha kuno Loweruka, ndi amalume athu."

"Ndiye zakhala bwino."

"Sakubwera kudzakusudzulani, alamu." Mawu ake anali otsika, opanda chipongwe cha masiku onse. "Amayi akuti pamene munakana kawiri konse, iwo anamva kuti simukufuna kuchoka pabanja pathu. Anasangalala. Anauza abale onse kuti nyumba ya Iness sidzagwa, woilowa alipo. Inu mumati mpunga uwu ndimaphikira chiyani zaka zonsezi?"

Lenard anayang'ana kontenayo. Anali ataibweza yopanda kanthu masana ambirimbiri, ndi zikomo wake wamfupi, osafunsapo funso limenelo. Kukhala chete kwake anthu anali atakumasulira, ndipo anakumasulira m'njira yawo.

"Ndimati ndi chifundo," anatero.

"Chifundo sichikazinga anyezi," anatero Fyness, ndipo anapukuta diso msangamsanga ndi chala. Anakankhira kontenayo kwa iye. "Tengani. Wazizira kale."

Lenard sanaitenge. "Lero idyani inu, mlamu. Loweruka ndidzayankhula ndekha pamaso pa amayi. Zimene ndinayenera kunena kale, ndidzanena."

"Tidzaona ngati mawuwo adzatuluke," anatero Fyness, n'kuitana mayi amene anali atangofika ndi mwana kumbuyo.

Lenard anayenda m'khonde lalitali lobwerera ku wodi. Pakati pa njira anaima. Loweruka linamubwerera m'mutu lonse lathunthu: apongozi ake atakhala pamphasa, dzina la Iness likutchulidwa, maso onse ali pa iye. Anaona kuti imeneyo ndi minibasi, ndipo kondakitala wake akukuwa kwambiri. Sanakwere. Anamva nsapato zake zitaponda simenti. Kenako anamva kanthu kena, kafupi, kokhakhala pang'ono, kakulowa ndi kutuluka. Panalibe munthu wina m'khondemo.

Mwajuma anatulukira pa chitseko cha wodi atanyamula thireyi ya mankhwala a masana. Anamuyang'ana n'kupendeketsa mutu.

"A Msiska, mukupuma?"

"Ndikupuma."

"Wa ndani?"

"Wanga."

"Mwayamba kukhoza. Koma nkhope yanu ikuti kuli nkhani."

"Ilipo. Apongozi akubwera Loweruka, ndipo akubwera ndi maganizo awo. Ndikufotokozerani tikaweruka, panja, pamene aliyense akutiona."

Mwajuma anakoka mpweya n'kuugwira pang'ono. Ulendo uno sanasinthe maganizo.

"Mudzafotokoze zonse, Lenard. Osafufuta."

M'katimo a Useni anayamba kuitana kuti madzi awo wina wawasuntha. Lenard analandira thireyi m'manja mwa Mwajuma, anakankha chitseko ndi phazi, n'kuyambira pabedi la pakona.